Imvi Siziletsa Kuphunzira

Amene amakhala ku Mzimba amadziwa kuti m'midzi ya ku Manyamula, Edingeni, Embangweni mpaka ku Jenda ndi Luwerezi makomo ambiri akuyendetsedwa ndi agogo. Ana awo ali ku Joni, ndipo pakhomo anasiya adzukulu, munda, ziweto ndi foni. Ulendo wa kumwerawu si wachilendo m'boma lino, pakuti makolo athu ankapita kale kumigodi kudzera ku Wenela. Chimene chasintha ndi njira imene thandizo limafikira pakhomo. Kale kunkabwera kalata, kapena mnzawo wobwerera kumudzi atanyamula bulangete ndi ndalama m'thumba. Lero kumabwera uthenga wa pafoni.

Uthengawo umafuna munthu wodziwa kuuwerenga. Agogo amene sadziwa zilembo, kapena amazidziwa koma foni imawaopsa, amasiya zonse m'manja mwa wina: mdzukulu, mwana wa oyandikana nawo, kapena ejenti wa pamsika. Nambala yachinsinsi, imene inayenera kudziwika ndi mwiniwake yekha, imadziwika ndi anthu anayi. Ambiri mwa othandizawa ndi okhulupirika, koma amakhalapo ena amene amati zabwera K30,000 pamene zabwera K50,000, agogo n'kuthokoza ndi manja awiri. Palinso akamberembere oimba foni, onena kuti anyamula katundu wochokera kwa mwana wanu ku Joni koma galimoto yagwidwa pachipata cha Mwanza, choncho mutumize ndalama msanga.

Kuchipatala nkhani ndi yomweyo. Munthu wa matenda a kuthamanga kwa magazi kapena shuga amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, nthawi zina mitundu iwiri kapena itatu. Ngati sangathe kuwerenga zolembedwa pakathumba ka mankhwala kapena tsiku lobwerera limene lalembedwa m'buku lake la kuchipatala, moyo wake umadalira kuti pakhomo pali wina womuwerengera. Tsiku limene mdzukulu wachoka, mankhwala amasokonekera.

Ndiye tikamanena za kuphunzira pa ukalamba sitikunena zongotayitsa nthawi. Tikunena za ndalama za pakhomo, za mankhwala, ndiponso za ubongo weniweniwo, umene umafooka msanga ukasiya kupatsidwa ntchito yatsopano.

Anatsalira chifukwa chiyani?

Boma la Mzimba linalandira sukulu kale. Mishoni ya Loudon ku Embangweni inakhazikitsidwa mu 1902, chaka chomwe mpingo wathu unayamba ntchito ku Malamulo, ndipo m'midzi yozungulira munali sukulu zophunzitsa m'Chitumbuka. Ifenso tili ndi sukulu yathu ya Lunjika m'boma lomwe lino. Komabe si mwana aliyense amene anapita patali. Sukulu ya pulayimale inali yolipira mpaka mu 1994. Munthu wobadwa mu 1960 anali ndi zaka 34 pamene sukulu yaulere inkayamba, ali kale ndi banja. M'nyumba zambiri fizi ikachepa ankasankha mnyamata, mtsikana n'kutsala kusinja ndi kulera ang'ono ake. Anyamata enanso anathera ubwana wawo kubusa ng'ombe.

Anthu amenewa si mbuli. Mayi amene sanalowe m'kalasi amadziwa kusankha mbewu, kusunga mfutso, kuzindikira bowa wodya ndi wakupha, ndipo mibadwo ya banja lonse amaitchula pamtima. Amene anatha kusunga zonsezi m'mutu angalephere bwanji zilembo za dzina lake? Chimene chimawatsekereza kawirikawiri ndi manyazi, ndi mawu amene amawamva pakhomo akuti mtengo amauwongola ukadali waung'ono. Mwambiwu ndi woona pa kulera mwana. Pa ubongo wa munthu wamkulu, ofufuza apeza zosiyana.

Ubongo umakula ndi ntchito

Mumzinda wa London, munthu wofuna kuyendetsa takisi yovomerezeka amayenera kuloweza misewu pafupifupi 25,000, ndipo ambiri zimawatengera zaka zitatu kapena zinayi. Mu 2000, Eleanor Maguire ndi anzake a pa University College London anajambula ubongo wa madalaivala otere. Anapeza kuti mbali ina ya hippocampus, kachigawo ka ubongo kothandiza kukumbukira malo ndi njira, inali yokulirapo kuposa ya anthu ena. Mu 2011 anatulutsanso zotsatira za kafukufuku amene anatsata ophunzira ntchitoyi kuyambira pachiyambi. Amene anakhoza mayeso, kachigawo kaja kanali katakula, chonsecho onsewa anali anthu akuluakulu kale.

Kafukufuku wina anachitika ku Dallas m'dziko la America, motsogoleredwa ndi Denise Park, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2014. Anatenga anthu 221 a zaka za pakati pa 60 ndi 90. Ena anawaphunzitsa kujambula zithunzi ndi kuzikonza pakompyuta, ena kusoka zofunda zolumikiza tinsalu pamakina, kwa maola pafupifupi 15 pamlungu, kwa miyezi itatu. Ena ankangokumana kucheza, ena ankachita zinthu zosavuta kunyumba monga kumvera nyimbo. Pomaliza, amene anaphunzira luso latsopano ndiwo anaonetsa kusintha pa kukumbukira zinthu.

Phunziro lake ndi ili: ubongo umapindula ndi chinthu chimene sunachizolowere, chovutirapo pang'ono. Kupalira munda umene mwaupalira zaka makumi anayi kumalimbitsa thupi, ndipo ndi kwabwino, koma mutu umachita ntchitoyo ngati uli mtulo. Kuphunzira kulemba, kusoka, kapena kuwerengetsa ndalama za gulu kumaukakamiza kutsegula njira zatsopano. N'zoona kuti munthu wa zaka 70 amachedwa kugwira chinthu poyerekeza ndi mwana wa zaka 12, ndipo amafuna kubwereza kangapo. Kuchedwa si kulephera.

Kimani Maruge wa ku Kenya analembetsa Sitandade 1 mumzinda wa Eldoret mu Januwale 2004 ali ndi zaka 84, boma la kwawo litayambitsa sukulu yaulere. Ankafuna kudziwerengera yekha Baibulo ndi kuwerengetsa ndalama zake. Mu 2005 anakalankhula ku likulu la United Nations ku New York za kufunika kwa maphunziro. Anamwalira mu 2009. Zifukwa zake ziwirizo ndi zomwenso agogo ambiri a kwathu kuno ali nazo.

Malemba nawo sapumitsa munthu chifukwa cha zaka. Mose anali ndi zaka 80 pamene anakaima pamaso pa Farao (Eksodo 7:7), atatha zaka zambiri akuweta nkhosa, ndipo utsogoleri wa mtundu wonse anauphunzira pa msinkhu umenewo. Kalebe anapempha dziko la kumapiri ali ndi zaka 85 (Yoswa 14:10-12). Mayi Ellen G. White, amene sukulu yawo inadukira panjira atavulazidwa ndi mwala ali ndi zaka 9, anapitiriza kuwerenga ndi kulemba moyo wawo wonse. Buku lawo la zaumoyo, The Ministry of Healing, linatuluka mu 1905 ali ndi zaka 77.

Kuiwala kwa ukalamba ndi kuiwala kwa matenda

Kuiwala pamene mwaika mpeni, kapena dzina la munthu n'kulikumbukira madzulo, n'kwachibadwa. Koma pali matenda a ubongo otchedwa dementia, amene munthu amaiwala njira ya kwawo, amabwereza funso lomwelo kambirimbiri, amalephera ntchito zimene ankazidziwa bwino, ndipo nthawi zina amadzuka usiku n'kumayendayenda. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa.

Mu 2024 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linatchula zinthu 14 zimene zimakulitsa chiopsezo cha dementia koma munthu kapena dziko lingathe kuzisintha. Linati zonsezi zitathetsedwa, pafupifupi 45 mwa odwala 100 aliwonse akanapewa matendawa kapena akanachedwa kuwadwala. Zina mwa izo ndi kuchepa kwa maphunziro, kusamva bwino, kusaona bwino kosathandizidwa, kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, kusagwiritsa ntchito thupi, kukhumudwa kwa nthawi yaitali, ndi kukhala wekhawekha. Wa Adventist akawerenga mndandandawu aona zambiri zimene uthenga wathu wa zaumoyo wakhala ukuphunzitsa. Kalasi ya akuluakulu imagwira zingapo nthawi imodzi: munthu amayenda kupita kumeneko, amakumana ndi anzake, ndipo mutu umagwira ntchito.

Tisalonjeze zimene sizingatheke. Kuphunzira sikuchiza dementia, ndipo aliponso ophunzira kwambiri amene amadwala matendawa. Kumangochepetsa chiopsezo. Munthu amene wayamba kusonyeza zizindikiro tazitchulazi apite naye kuchipatala. Ngati kusokonezeka kwabwera mwadzidzidzi, pakamwa papotoka, kapena dzanja lafooka, musadikire kuti kuche, pakuti ikhoza kukhala sitiroko.

Pali chinanso chimene tiyenera kuchinena poyera. Gogo wodwala dementia akapezeka usiku pakhomo la eni, osavala bwino, osatha kufotokoza chimene akufuna, anthu amathamangira kunena kuti wagwa pa ulendo wa ufiti. Okalamba amenyedwa ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha mawu otere. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Mkhristu akapeza gogo wotere amufunditse nsalu, amuperekeze kwawo, ndipo alangize abale ake za kuchipatala.

Yambani ndi maso ndi makutu

Ambiri amene amati mutu wawo sugwira, vuto lili m'maso. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kuvutika kuona zapafupi, n'chifukwa chake mumaona akulu a mpingo akutalikitsa buku la nyimbo. Magalasi owerengera amathetsa vutoli. Ng'ala nayo, imene imachititsa kuti munthu aziona ngati kuli nkhungu, imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi. Funsani ku chipatala cha boma cha Mzimba, ku Embangweni, kapena pa chipatala chaching'ono cha kwanuko kuti akupimeni kapena akutumizeni kumene kuli madokotala a maso, monga ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Musathire m'maso zitsamba kapena mankhwala obwereka kwa mnzanu.

Makutu nawonso apimidwe. Nthawi zina chatseka ndi phula la m'khutu chabe, limene achipatala amachotsa mosavuta. Gogo wosamva bwino amayamba kukhala chete pagulu, kenako amaleka kubwera, anthu n'kumati wayamba kunyada kapena wasokonezeka.

Pimitsaninso magazi. Nambala ikamafika 140 pa 90 kapena kuposa pamenepo mobwerezabwereza, m'pofunika kuonana ndi achipatala, chifukwa kuthamanga kwa magazi kumawononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete. Chepetsani mchere kuti usapitirire kasupuni kamodzi kakang'ono patsiku, imwani madzi okwanira, yendani, ndipo gonani mokwanira, pakuti zimene munthu waphunzira masana ubongo umazikhazikitsa ali mtulo.

Ayambe ndi chiyani?

Munthu wamkulu amaphunzira msanga chinthu chimene akuchifuna mawa. Choncho mufunseni kaye. Wina amafuna kusaina dzina lake kuti aleke kudinda ndi chala pamaso pa anthu. Wina amafuna kupeza yekha vesi mlaliki akalitchula. Wina amafuna kumva mawu a mwana wake pa WhatsApp popanda mkhalapakati womva nkhani za m'banja.

Kwa amene sanaphunzire kuwerenga, sukulu za kwacha zilipo ndipo salipiritsa. Ndondomeko yake ya dziko lonse inayamba mu 1986, ndipo buku lake lodziwika ndi Chuma ndi Moyo. Alangizi a zachitukuko a m'dera lanu angakuuzeni kumene kuli kalasi, kapena zoyenera kuchita kuti iyambe m'mudzi mwanu.

Pa foni, zinthu zinayi n'zokwanira poyamba: kuyankha ndi kuimba, kuzindikira uthenga weniweni wa ndalama, kuona ndalama zotsala, ndi kulowetsa wekha nambala yachinsinsi. A Airtel Money amayamba ndi *211#, a TNM Mpamba ndi *444#. Amene sanadziwebe zilembo akhoza kuyamba ndi manambala khumi okha, kuchokera pa 0 kufika pa 9, chifukwa ndalama amazidziwa kale. Pamodzi ndi izi aphunzire malamulo awiri. Nambala yachinsinsi sauza munthu woimba foni, ngakhale anene kuti ndi wa kukampani. Ndipo wina akati watumidwa ndi mwana wanu, dulani foni, muimbire mwanayo kapena m'bale wina musanatumize kalikonse.

Pa mankhwala, gogo adziwe dzina la mankhwala ake, mtundu wake, ndi tanthauzo la manambala a pakathumba. Akalemba 1 x 2 ndiye kuti piritsi limodzi kawiri patsiku. Adziwenso kupeza pa kalendala tsiku lobwerera kuchipatala.

Luso la manja lilinso ndi malo ake. Amayi a Dorika akhoza kuphunzitsana kusoka pamakina, kuluka, kuumba mbaula za chitetezo zosatha nkhuni, ndi kupanga mkaka wa soya, poti soya timalima tokha. Abambo a AMO akhoza kuitana mlangizi wa zaulimi kudzawaonetsa kulumikiza mitengo ya zipatso, kuweta njuchi, kapena kupanga manyowa a Mbeya, osakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono n'kuzisunga m'thumba masiku 21. M'magulu a banki mkhonde, mpatseni mpata wachikulire kuti aphunzire kuwerenga buku la masheya, asamangomva pakamwa pa mlembi.

Kuti okalamba amaphunzira zatsopano n'kusintha nazo mudzi, chitsanzo chili m'boma mwathu momwe muno. Chipatala cha Ekwendeni chinaona kuti m'mabanja a kuno mawu a agogo ndi apongozi ndiwo amamveka pa nkhani ya pakati ndi makanda. M'malo mowalambalala, chinawaitana n'kuwaphunzitsa zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera, kusamalira khanda, ndi ubwino wochirira kuchipatala. Agogowo anakhala aphunzitsi m'midzi yawo.

Mmene tingaphunzitsire munthu wamkulu

Apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Mdzukulu amalanda foni, amadinadina mofulumira, n'kubweza akunena kuti zatheka. Agogo sanaphunzire kanthu, angoona kuti iwo ndi ochedwa. Foni ikhale m'manja mwa wophunzira, chala chodina chikhale chake. Wophunzitsa manja ake akhale pamwendo.

Phunzitsani chinthu chimodzi patsiku, kwa mphindi 20 kapena 30, nthawi imene kukuwala ndipo munthu sanatope. Mawa yambani ndi kubwereza za dzulo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Lembani zilembo zikuluzikulu ndi cholembera chakuda. Lankhulani chinenero chimene munthuyo amaganizira. Ngati ndi Chitumbuka, fotokozani m'Chitumbuka, ndipo poyeserera kuwerenga gwiritsani ntchito Baibulo ndi nyimbo zimene amazidziwa kale pamtima, chifukwa diso limazindikira msanga mawu amene khutu linawazolowera.

Ulemu usachoke. Amene mukuwaphunzitsawo ndi adada, ndi amama, ndi agogo, ngakhale alembe chilembo chozondoka. Musawaseke, musawadzudzule pamaso pa ana, ndipo musakafotokoze kwa anzanu zimene analakwitsa. Abambo ambiri amathawa sukulu za kwacha poopa kuoneka osadziwa pamaso pa amayi ndi akamwini, choncho pamene n'kotheka akhale ndi kagulu kawokawo.

Kuphunzitsana kukhale kobwezerana. Mtsikana amene waphunzitsa agogo kutumiza uthenga, nayenso akhale pansi aphunzire kufutsa ndiwo, kuluka dengu, kapena mbiri ya kumene banja lawo linachokera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo munthu amalandira mosavuta kwa amene nayenso akumupatsa kanthu. Paulo, polembera Tito, anapereka ntchito yophunzitsa akazi aang'ono kwa amayi achikulire (Tito 2:3-5), ndipo chikhulupiriro cha Timoteo chinayambira mwa agogo ake a Loisi (2 Timoteo 1:5).

Mpingo uli nazo kale zipangizo

Palibe chimene tikudikira kuchokera kunja. Nyumba ya tchalitchi imakhala yotseka masiku ambiri a mlungu, mabenchi ali momwemo. Tili ndi aphunzitsi opuma pantchito, anamwino, achinyamata a Pathfinder, ndi ana a sekondale amene amabwera kutchuthi. Ndiponso ndife mpingo umene Sabata lililonse m'mawa umakhala m'makalasi, mwana ndi nkhalamba yemwe, ndi phunziro latsopano miyezi itatu iliyonse. Funso n'lakuti, m'kalasi mwanu ndi angati amene amangomvera chifukwa sangathe kuwerenga phunzirolo, ndipo ndani anawafunsapo ngati angakonde kudziwa?

Bodi ya mpingo ikhoza kuyamba motere. Atsogoleri a zaumoyo, a Dorika, a AMO ndi a achinyamata akhale pamodzi, alembe maina a achikulire onse, a mumpingo ndi oyandikana nawo omwe, pakuti kalasi yotere si ya Adventist okha. Tsiku loyamba likhale lopima magazi ndi kuona amene akufunika kutumizidwa kukapimitsa maso ndi makutu. Kenako aliyense apatsidwe mnzake mmodzi womuphunzitsa. Kuwerenga Baibulo ndi phunziro kukhoza kuchitika Sabata masana. Za ndalama, za foni ndi ntchito za manja zikhale za Lamlungu kapena tsiku lina la pakati pa mlungu, kuti Sabata likhalebe lopatulika. Nthawi yabwino yoyambira ndi pambuyo pa kukolola, ntchito ya kumunda itachepa, ndipo pofika pa 8 Seputembala, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga padziko lonse, ophunzira angakhale ndi choonetsa.

Inu muli ku Joni kapena m'tauni, mukamatumiza ndalama za feteleza ndi fizi, onjezaniponso ya magalasi owerengera, kope ndi pensulo. Poimba foni, funsani amayi anu chimene aphunzira mlungu uno, ndipo dikirani kuti afotokoze mpaka kumaliza.

Ndipo inu agogo, ngati nkhaniyi mwaiwerenga nokha kapena wina wakuwerengerani, sankhani chinthu chimodzi chimene mwakhala mukuchilakalaka. Muuze mtsogoleri wa zaumoyo kapena wa Dorika pa mpingo wanu Sabata likubwerali. Safunsa anadya phula. Salmo 92:14 limayerekeza olungama ndi mitengo imene imabalabe zipatso itakalamba, ndipo nzeru zimene Mulungu anakupatsani sanaziikire chaka chopumira.